Chiŵeto Si Thumba la Chimanga

Sabata ino tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaiyesa ya abambo ndi madalaivala, chonsecho ili pakhomo pathu penipeni. Nkhaniyi ndi ya kanyamulidwe ka ziŵeto pa galimoto zapululu kumbuyo, monga malole ndi mapikapu aja timawatcha matola.

Tsiku la msika pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda kapena pa Waliranji, tayang'anani galimoto zimene zikudutsa. Kumbuyo kwadzaza matumba a mtedza ndi soya, njinga ndi malata, ndipo pamwamba pa zonsezi pakhala anthu. Pansi pa miyendo ya anthuwo pakumveka kulira kwa mbuzi yomangidwa miyendo yonse inayi pamodzi. Nkhuku zalendeŵera chadodolido m'mbali mwa galimoto, kukamwa kuli yasa. Banja likamasamuka, galu amaponyedwa pamwamba pa mipando ali ndi chingwe chachitali m'khosi. Zimenezi tazizoloŵera kotero kuti maso athu saonanso cholakwa.

Koma tadzifunsani, kodi ziŵeto zimenezi nzayani? Nkhuku za pakhomo kaŵirikaŵiri ndi za mayi. Mbuzi zambiri m'midzi mwathu zidabwera ndi ndalama za banki m'khonde, zina tidachita kupatsirana pagulu. Ndi mbuzi yomweyo imene timadalira pa fizi ya mwana, pa feteleza ndi pa matenda akagwa mwadzidzidzi. Mwaiŵeta chaka chathunthu, mwaimweta udzu, mwaithamangitsa m'minda ya eni, ndiye ikafere pa ulendo wa maola aŵiri chifukwa wina adaikhazika thumba pamimba? Ulendo wa chiŵeto umakonzedwa kunyumba, galimoto isanafike, ndipo woukonza ndinu mwini wake.

Lamulo likuti chiyani

Ambiri sadziŵa kuti dziko la Malaŵi lili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza. Dzina lake ndi Protection of Animals Act, ndipo m'mabuku a malamulo a dziko lino lili pa Chaputala 66:01. Lamuloli limaletsa kumenya nyama mwankhanza, kuisenzetsa katundu wopyola mphamvu zake, ndiponso kuinyamula mwa njira imene ikuipatsa zoŵaŵa zosafunika. Apa tcherani khutu, amayi anzanga. Mlandu suli pa dalaivala yekha. Mwini chiŵeto amene walola kuti chinyamulidwe motero nayenso walakwira lamulo. Simungadzapulumuke ponena kuti adamanga ndi kondakitala, inu mudangoima poteropo.

Lamulo lachiŵiri ndi Control and Diseases of Animals Act, Chaputala 66:02. Limeneli limapatsa Boma mphamvu yoletsa ziŵeto kutuluka kapena kuloŵa m'dera limene mwabuka matenda, ndiponso yolamula kuti agalu amangidwe ndi kubayitsidwa katemera wa chiwewe. Chiphaso choyendetsera ziŵeto chija amafunsa apolisi pa chipata cha pamsewu chimachokera pa lamulo limeneli. Malamulo a pamsewu nawonso amafuna kuti chilichonse chimene galimoto yanyamula chikhale chosungika bwino, chisagwe ndi kuchititsa ena ngozi. Mbuzi imene yadumpha pa galimoto yothamanga imadzipha yokha, komanso ingathe kugwetsa wa kabaza amene akubwera pambuyo ndi mayi ndi mwana kumsana.

Tsono pofuna kupita ndi ng'ombe, mbuzi, nkhosa kapena nkhumba kutali, monga ku Lilongwe kapena ku Kasungu, yambani mwaonana ndi mlangizi wa ziŵeto wa kwanu. Iye adzaona ngati chiŵetocho chili bwino, adzakuuzani ngati kuli chiletso, ndipo adzakuthandizani za chiphaso. Tenganinso kalata kwa amfumu yotsimikiza kuti chiŵetocho nchanu, pakuti kuba ziŵeto nkofala m'maboma a m'malire ngati lathu lino. Safunsa adadya phula. Kuchoka pa Boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo nkoŵaŵa kutsitsidwa pakati pa njira ndi mbuzi zanu chifukwa cha kapepala kamodzi.

Chifukwa chake chiphaso chilipo

Ena amati chiphaso ndi njira yongovutitsira anthu. Ife a ku Mchinji ndiye sitiyenera kulankhula choncho, pakuti chigodola cha nkhumba timachidziŵa bwino. Akatswiri amene adafufuza matendaŵa m'zaka za m'ma 1980 adapeza kuti kuno kwathu ndi kumodzi kwa kumene adakhazikika, ndipo kachirombo kake kamabisala mu nkhufi za m'makola a nkhumba. Chigodola sichigwira munthu, koma chilibe mankhwala ochiza, ndipo chikaloŵa m'khola la nkhumba zachizungu chimasesa pafupifupi zonse. Chimayenda ndi nkhumba yamoyo, ndi nyama yake, ndi magazi ndi ndoŵe zotsalira pa galimoto. Nkhumba imodzi yooneka yabwinobwino ingathe kukathetsa chuma cha mudzi wonse kumene mukupitako, mwina kwa mchemwali wanu yemwe.

Nkhuku nazo zili ndi mdani wake, chitopa, chimene chimavuta kwambiri nyengo yotentha. Nthaŵi zambiri chimaloŵa pakhomo ndi nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa kwa abale. Mukabwera ndi nkhuku yachilendo, isungeni payokha masabata aŵiri musanaisakanize ndi zinzake. Katemera wa chitopa wodonthezera m'diso amaperekedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo alangizi ndiwo angakuuzeni tsiku lake. Nkhuku zikayamba kufa m'mudzi, musathamangire nazo kumsika kuti mupulumutseko kandalama. Kutero nkugaŵira anzanu tsoka lanu.

Kuli abale athu tsidya lija la malire, kwa Chipata, ku Chadiza ndi ku Katete. Timayenderana pa maukwati, pa maliro ndi pa ziliza, ndipo mwezi wa Ogasiti malole amadzaza ndi anthu opita ku Kulamba ku Mkaika. Mwambo wathu suloleza kupita kwa eni chimanjamanja. Komabe dziŵani kuti chiŵeto chamoyo sichiwoloka malire popanda mapepala a madokotala a ziŵeto, ngakhale chikhale cha mphatso. Chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene adatsegula atsogoleri a maiko aŵiriŵa, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, mu Disembala 2022, chidafupikitsa nthaŵi yodikira, koma sichidachotse lamulo limeneli. Kudzera njira zachidule za m'tchire nkulakwira maiko aŵiri nthaŵi imodzi. Nzeru yapafupi ndi kunyamula ndalama, mukagule nkhuku kapena mbuziyo komweko.

Chiŵeto chosayenera kukwera

Sichiŵeto chilichonse chimene chingapirire ulendo. Bungwe loona za umoyo wa nyama pa dziko lonse, limene likulu lake lili ku Paris ndipo dziko lathu ndi membala wake, lidaika malangizo pa nkhaniyi. Chiŵeto chodwala, chovulala kapena cholephera kuima chokha chisanyamulidwe, pokhapokha ngati akupita nacho kukalandira chithandizo. Kamwana kamene mchombo wake sunapole kasayende. Chiŵeto chimene chatsala pang'ono kuswa nachonso chikhale pakhomo. Mbuzi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 150, kotero masabata aŵiri omalizira isakwere galimoto. Ife amayi sitifunika kuuzidwa kaŵiri za mabampu a msewu wafumbi kwa amene ali woyembekezera.

Mbuzi ndi nkhosa

Mbuzi imayenda bwino itaimirira. Imangeni ndi chingwe chachifupi ku chitsulo cha kutsogolo, pafupi ndi kumene kumakhala dalaivala, kumene kulibe mphepo yambiri ndi kudumpha kwambiri. Mfundo ya m'khosi ikhale yosathina ikakokedwa. Pansi yalani udzu wouma, makoko a mtedza kapena mchenga kuti isaterereke. Ngati mbuzi zili zingapo, tchingani malo ake ndi matabwa kapena nsungwi kuti matumba asazigwere, ndipo tonde wolusa akhale payekha.

Kumanga miyendo inayi pamodzi ndi kuigoneka cham'mbali kuli ndi ngozi imene ambiri saidziŵa. Mbuzi ndi nyama yobzikula, ndipo m'mimba mwake mumapangika mpweya nthaŵi zonse umene imayenera kugeya. Ikagona cham'mbali nthaŵi yaitali, mpweyawo sutuluka, mimba imatupa, ndipo imakanika kupuma. Ndicho chifukwa chake mbuzi ina imafika pamsika itafa popanda bala lililonse. Malegeni ndi linya nazo zimadula khungu ndi kutseka magazi, kotero kuti pomasula mbuzi imalephera kuima. Wogula akaona ikutsimphina amatsitsa mtengo pomwepo. Woipha akasenda chikopa amapeza nyama yamikwingwirima ndi yakuda, imene sichedwa kuwonongeka, ndipo ulendo wina sadzakufunaninso.

Nkhumba

Nkhumba siituluka thukuta monga ife, nchifukwa chake imakonda kugona m'matope. Pa chitsulo cha galimoto, dzuŵa la Okutobala lili pamutu, ingathe kufa msanga kwambiri. Inyamuleni m'mamaŵa kusanatenthe kapena madzulo dzuŵa litapepa. Ikani mthunzi wa lona kapena mphasa pamwamba, koma m'mbali musiye mipata yopita mphepo. Tengani chigubu cha madzi kuti muziiwaza ndi kuimwetsa poima. Musaimange kukamwa mothinitsa pofuna kuti isalire, pakuti ikatenthedwa imapumira kukamwa komweko. Mukatsitsa, galimoto itsukidwe bwino isanapite pakhomo pena pamene pali nkhumba.

Nkhuku ndi abakha

Nkhuku yolendeŵera mutu pansi imavutika kupuma chifukwa za m'mimba zake zimapsinja mapapo. Onjezerani fumbi, mphepo ndi utsi wa galimoto, ndiye mudzamvetsa chifukwa chake zina zimafika zili lefu. Dengu la nsungwi lolukidwa ndi mipata silidula, ndipo amisiri ake alipo m'midzi mwathu momwemu. Lidzakutumikirani zaka zingapo. Musadzaze kwambiri, nkhuku iliyonse ipeze pokhala. Dengulo limangidwe kuti lisagubuduzike, pasakhale munthu pamwamba pake, ndipo litalikirane ndi feteleza, mankhwala a mbewu, palafini ndi petulo. Thumba la saka lomanga kukamwa ndi manda a nkhuku. Tambala ndi msoti za pa chinkhoswe zifike zili ndi mphamvu, musakachititse manyazi ankhoswe anu pamaso pa akuchimuna.

Galu ndi mphaka

Tifike tsono pa mlonda wa pakhomo. Galu sitimgulitsa pamsika, nchifukwa chake ambiri samuŵerengera pokonza ulendo. Komatu iye ndiye amene sagona usiku abambo akakhala ku ntchito kutali, ndiye amapirikitsa afisi ndi akuba pa khola la mbuzi zomwe zija. Aphunzitsi, apolisi ndi anamwino akasamutsidwa, ngakhalenso mabanja obwerera kwawo kuchokera ku maesiteti a fodya, galu amakwera pomalizira, pamene malo atha.

Njira ziŵiri zimene timaona kaŵirikaŵiri nzoopsa zonse. Galu wosamangidwa amachita mantha ndi phokoso, kapena amaona galu mnzake m'mbali mwa msewu, nkudumpha. Galu wa chingwe chachitali ndiye ali pa ngozi yoposa, pakuti akadumpha kapena akagwa pokhota amalendeŵera ndi khosi kunja, kapena kukwekwerezedwa pa phula dalaivala osadziŵa kanthu.

Chabwino koposa ndi bokosi lamatabwa lokhala ndi mipata, lokwanira kuti galu aime, atembenuke ndi kugona, ndipo bokosilo limangidwe kutsogolo. Ngati bokosi palibe, mmangeni pakati, ndi zingwe ziŵiri zazifupi, china kumanja china kumanzere, kotero kuti sangafike m'mphepete mbali iliyonse. Chingwe chizungulire pachifuwa ndi m'mapewa, chisakhale cha m'khosi mokha. Ku California, m'dziko la America, zimenezi zidalembedwa m'malamulo a pamsewu. Kumeneko galu sakwera kumbuyo kwa pikapu pokhapokha akhale m'khola lake, kapena amangidwe mbali ziŵiri, kapena zipupa za galimotoyo zitalike mainchesi 46, ndiye kuti kupitirira mita imodzi. Lamulo lathu silitchula miyezo yotere, koma cholinga chake nchimodzi, ndipo zingwe ziŵiri za khonje sizisoŵa pakhomo pa mlimi.

Gwirani chitsulo cha pansi ndi dzanja lanu musanamkweze. Ngati chikukuwotchani, chidzawotchanso mapazi ake, choncho yalani saka kapena mphasa yakale. Musamdyetse kwambiri ponyamuka chifukwa adzasanza, koma madzi mpatseni poima paliponse, ali chimangire. Mphaka aloŵe m'dengu lovundikira kapena m'katoni yolimba yobowola, ndipo musamtsegulire m'njira. Mukafika, mtsekereni m'nyumba masiku angapo kufikira atazoloŵera.

Chachikulu pa galu ndi katemera wa chiwewe. Pa matola timakhala mothinana, ana ali pamiyendo, ndipo galu wamantha amaluma ngakhale mbuye wake. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pa anthu 10 alionse otere, pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Zizindikiro zikayamba kuoneka, palibe chipatala chimene chingamchize munthuyo. Koma chiwewe chimagonja ndi katemera wa agalu. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu opitirira 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Chaka chilichonse pa 28 Sepitembala dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi matendaŵa. A zoŵeta akalengeza tsiku la katemera kwanuko, tumani mwana wamkulu kapena pitani nokha ndi galu, ndipo kapepala kamene adzakupatseni mukasunge pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Kadzakuthandizani pa ulendo, ndiponso tsiku limene galu wanu adzalume mwana wa mnansi.

Wina akalumidwa m'njira, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Musadikire kuti muone ngati galuyo apenge. Chenjeraninso ndi tiana ta agalu togulitsidwa m'mbali mwa msewu. Simudziŵa kumene tachokera, ndipo tambiri tidachotsedwa kwa make tisanakhwime. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, limene lidayamba mu 2008, lothandiza pa chisamaliro ndi chithandizo cha nyama, ndipo a m'tauni angathe kukafunsa nzeru kumeneko.

Mau athu kwa dalaivala

Mwina mukuti, zonsezi nzabwino, koma galimoto ndi ya eni, ndipo mayi akalankhula amangosekedwa. Kumbukirani kuti chiŵetocho mwachilipirira, monga momwe mwalipirira mpando wanu. Kambiranani za malo ake musanapereke ndalama. Lankhulani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, kuti, “Achimwene, mbuzi yangayi iime kutsogoloku, matumbaŵa asaigwere.” Akakana, dikirani galimoto ina. Kuona maso a nkhono nkudekha. Inu mukhale pafupi ndi chiŵeto chanu kuti muzichiona, ndipo ana ang'ono akhale kutali ndi nyanga ndi mano. Galimoto imene yadzaza kale mopyola muyezo isiyeni ipite, pakuti pamenepo moyo umene uli pa ngozi ndi wanu womwe.

Mutu umodzi susenza denga. M'magulu athu a amayi tingathe kugwirizana tsiku limodzi logulitsa, tisonkhe ndalama, tichite hayala galimoto imodzi ya ziŵeto zokhazokha. Mlangizi adzabwera kamodzi kudzaona zonse, chiphaso chidzatengedwa nthaŵi yabwino, ndipo dalaivala adzamvera ife chifukwa ndife tamlemba ntchito. Gulu lingathenso kugula madengu aŵiri kapena atatu ndi bokosi limodzi la galu, zobwerekana monga timabwerekana miphika yaikulu ya pa ukwati. Pa msonkhano wanu wa sabata ino, ikani nkhani imeneyi pa mndandanda, ndipo muitane mlangizi wa ziŵeto adzakuyankheni mafunso anu pamaso.

Pomaliza, tisaiŵale kuti ana athu amaphunzira ndi maso. Mwana amene amaona make akumwetsa mbuzi madzi pa ulendo, ndi kuyalira galu saka, amakula akudziŵa kuti chilichonse chopuma chimamva kuŵaŵa. Mnyamata ameneyo ndiye dalaivala wa maŵa, ndipo ndiye adzakhale mwamuna wa mwana wa mnzanu. Pepani sapoletsa chilonda, ndiponso sadzutsa mbuzi yakufa. Konzani chingwe, dengu, madzi ndi mapepala usiku, kuti m'maŵa galimoto ikaima musachite zinthu mothamanga.

Sabata yamaŵa tidzakambirana za kasungidwe ka mtedza kuti usachite chuku. Tsalani bwino, amayi, ndipo muyende bwino pamodzi ndi ziŵeto zanu.